Mbereko Imodzi, Ana Awiri: Masiku a Chikasu ku Mwanza

Munthu aliyense amene anayendapo pa msewu wochokera ku Zalewa kupita ku malire a Mwanza m'miyezi ya chisanu, pamene mwera ukuwomba m'zitunda ndipo mathiraki opita ku Tete, ku Harare ndi ku Joni andanda ngati ng'ombe zodikira kulowa m'khola, adziwa kuti imeneyo ndiyo nyengo imene dziko lathu limavala chikasu. Pakuti manachesi amakhala ali mbwee m'madengu, m'mabeseni ndi m'milu ya m'mbali mwa msewu, ndipo palibe mwana wa kuno amene angalephere kukuuzani, pongoyang'ana khungu la chipatsocho, ngati chapsa kapena chikadali chiwisi. Ife a ku Mwanza tinaphunzira kuwerenga chikasu tisanaphunzire kuwerenga zilembo. Koma chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe nkhani ino n'chakuti, m'nyengo yomweyo ya manachesi, chikasu china chinalowa m'nyumba ya mwana wa mlongo wanga, n'kukhalamo masiku awiri athunthu, ife akuluakulu tonse tili pomwepo, osachiona.

Mwana wa mlongo wangayo anali kale ndi mwana wamkazi wachisamba, wa chaka chimodzi ndi miyezi khumi, kamtsikana kamene kanali katangodziwa kuthamanga koma kasanadziwe kuopa moto. Mwamuna wake, monga achitira anyamata ambiri a m'boma lino, anali atakwera basi pa malire pompano kukafuna maganyu ku Joni, ndipo zimene zinkafika kuchokera kwa iye ndi mawu a pa foni ndi ndalama za apo ndi apo. Masiku a pakati pake atakwana, mwana wa mlongo wangayo anachira bwino kuchipatala, mwana wamwamuna, wolira mokweza ndi woyamwa mwamphamvu. Ndipo popeza panalibe chovuta pa mayi kapena pa khanda, anawatulutsa m'mawa mwake, monga zichitikira paliponse pamene mabedi ali ochepa ndipo amayi ena ali kubuula pakhomo. Tinawalandira ndi nthungululu. Mlongo wanga anawalowetsa m'chikuta, natseka chitseko.

Sindidzanyoza mwambo wa chikuta, pakuti makolo amene anauika sanali opusa. Iwo anaona kuti khanda losagwa mchombo ndi lanthete ngati dzira, kuti manja ambiri amadza ndi matenda ambiri, ndiponso kuti mkazi amene wangochira ayenera kupuma ku mtondo, ku chitsime ndi ku nkhuni. Tsono anamumangira mpanda wa masiku, kuti iye asatuluke ndipo asalowe wina aliyense, koposa aja amene amatchedwa otentha. Madokotala a lero, akamalankhula za kupewa majeremusi, sanena zotalikirana kwenikweni ndi zimenezi. Chilema cha chikuta n'chimodzi, ndicho mdima. Nyumba zathu zambiri zili ndi kazenera kamodzi, kamene m'chisanu timatseka ndi katoni kapena chiguduli. Khanda limavekedwa chipewa, masokosi ndi juzi, n'kukulungidwa m'nsalu ndi m'bulangete kufikira kuti chooneka ndi kamphuno kokha. Ndipo usiku chounikira ndi tochi ya foni. M'kuwala kotere, pa khungu la mwana wa munthu wakuda, chikasu chimabisala monga njoka yobiriwira ibisalira m'msipu.

Onjezani pamenepa kamtsikana kaja. Iko mwambo sikanaudziwe. Chimene kanadziwa n'chakuti amake anachoka usiku, nabwera ndi mlendo amene walanda chifuwa, walanda mphasa, ndipo posachedwa alanda ndi mbereko yomwe. Kankagogoda chitseko, kankadzigwetsa pansi, kankakana phala limene dzana kankalinyambitira mbale. Ndipo kakaloledwa kulowa, kankakwera pamiyendo pa amake n'kumakoka bere limene kanasiyitsidwa miyezi ingapo m'mbuyomo. Maso a mayi, amene akadayenera kukhala pa khanda, anali pa mbaula, pa mpeni, pa ndowa ya madzi, ndi paliponse pamene timiyendo tija tinkaloza. Chotero pamene khanda linayamba kugona kwambiri pa tsiku lachitatu, osalira, osavutitsa, n'kumayamwa pang'ono n'kuleka, tonse tinayamika Mulungu kuti watipatsa mwana wofatsa woti apumitse amake. Ine ndemwe, ndili pakhonde, ndinanena mawu amenewo, ndipo ndimachita nawo manyazi kufikira lero.

Amene anatitsegula maso ndi mayi wina wachikulire wa Mvano, amene anabwera pa tsiku lachinayi masana ndi ufa m'kambale ndi mtolo wa nkhuni. Atamva kuti mwana akugona kwambiri sanaseke nafe; anasamba m'manja, napempha kuti amubweretsere khandalo pakhomo. Mlongo wanga anazengereza, nati, "Mayi, mchombo sunagwe." Iwo anayankha kuti, "Sindikumutulutsa, achemwali, ndikungofuna ndimuone poyera." Anamuvula chipewa, nakanikiza chala pamphumi ndi pamphuno, nachichotsa, ndipo pamalo pamene magazi anathawa kwa kamphindi panatsala chikasu chonga cha dzungu lakupsa. Anayang'ana choyera cha m'maso, nayang'ana nkhama, natsika pachifuwa, pamimba ndi m'ntchafu, ndipo atafika kuzikhatho ndi kumapazi, naona kuti nakonso kwatero, anaimirira nati, "Mwanangu, manga katundu. Uyu sagona muno lero." Tinadzamva pambuyo pake kuti mayiwo ali ndi mdzukulu wa zaka zisanu ndi ziwiri amene samva, salankhula, ndipo khosi lake silinalimbe, ndi kuti nayenso anayamba ndi tulo tofatsa tomweti.

Tsono chikasu chimenechi chichokera kuti mwa mwana amene sanalawepo kanthu koma mkaka wa amake? Odziwa za thupi amatiuza kuti mwana amabadwa ndi maselo ofiira a magazi ochuluka kuposa amene afunika akayamba kupuma mpweya wa kunja, ndipo maselo akewo sakhalitsa: pamene a munthu wamkulu amakhala masiku ngati 120, a khanda sapitirira masiku 90. Maselowa akamaphwanyika amasiya utoto wachikasu wotchedwa bilirubin, umene chiwindi chiyenera kuutola, kuusintha ndi kuutumiza m'matumbo kuti utuluke ndi chimbudzi. Koma chiwindi cha khanda chili ngati mnyamata wopatsidwa munda waukulu asanazolowere khasu. Utoto umachuluka kuposa mmene chingauchotsere, ndipo wotsalawo umalowa m'khungu, kuyambira kumutu kutsikira kumapazi. N'chifukwa chake mayi wa Mvano uja anayamba pamphumi natsiriza kumapazi, pakuti pamene chikasu chafika ndi pamene pamaulula kukula kwake.

Chimene chimasokeretsa anthu n'chakuti chikasu cha makanda si chachilendo konse. Pafupifupi ana 6 mwa 10 obadwa masiku atakwana amachita chikasu m'sabata yoyamba, ndipo mwa obadwa masiku asanakwane ndi pafupifupi 8 mwa 10. Kwa ambiri a iwo chimaoneka pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, chimakula pang'ono, n'kuzimirira chokha sabata ziwiri zisanathe. Choncho agogo amene anena kuti awo onse anatero ndipo anakula, sakunama. Koma mwa ana ochepa utotowo umakwera kupyola muyeso, n'kudutsa mpanda umene umatchinga ubongo, ndipo ukafika kumeneko umawononga mbali zolamulira kumva ndi kayendedwe ka ziwalo. Poyamba mwana amalefuka n'kusiya kuyamwa. Kenaka amalira mawu osongoka, achilendo, n'kupinda khosi ndi msana chagada ngati uta. Ena amakomoka, ena amatsikira kuli chete, ndipo mwa opulumuka ambiri amatsala ogontha kapena opuwala moyo wawo wonse. Madzi akatayika sawoleka. Ndipo kawirikawiri zonsezi zimachitika m'sabata yoyamba, m'masiku omwewo amene mayi watuluka kale m'chipatala koma sanatuluke m'chikuta.

Koma nkhani yanga yeniyeni ili pa mawu amene mwana wa mlongo wanga ananena atauzidwa kuti amange katundu. Za galimoto sanafunse, za ndalama sanafunse, anayang'ana kamtsikana kaja, kamene kanali katagwira nsonga ya chitenje chake, nandiyang'ana ine, nati, "Amalume, nanga uyu ndimusiyira yani?" Ndakhala ndikulisinkhasinkha funso limeneli miyezi yonseyi, ndipo ndatsimikiza mumtima mwanga kuti makanda ambiri amene amafika mochedwa kuchipatala, chowachedwetsa si umbuli wa amayi awo, monga timakonda kunenera ife amuna ndi anthu ophunzira, koma ndi funso limeneli likasowa woliyankha. Taonani mmene mfundoyo inamangikira. Wogonekedwa m'zipatala zathu amafuna womudikirira, woti amuphikire, amuchapire ndi kumutungira madzi, ndipo mkazi wa masiku anayi chichirireni sangadzichitire zimenezi yekha. Womudikirira woyenera anali amake, mlongo wanga. Koma mlongo wanga akapita, kamtsikana katsala ndi yani? Ndipo akatsala nako, ndani akagone pa simenti ya kuchipatala? Kupita nako sikukadatheka, pakuti m'chipinda cha makanda odwala salola ana aang'ono, ndipo chifukwa chake n'chomveka: chimene kwa mwana woyenda ndi chimfine chabe, kwa khanda chikhoza kukhala imfa. Mkazi mabere ali nawo awiri, koma msana ndi umodzi.

Pamenepo panabuka uphungu wa mtundu uliwonse, monga zikhalira pakhomo pamene pagwa vuto. Wina anati tidikire kuche. Wina anati mwanayo aziwothetsedwa dzuwa m'mawa uliwonse. Wina anati mkaka wa mayi ndiwo waipa popeza anatumbiza, tsono khanda lipatsidwe madzi a shuga. Wina ananong'ona za tsempho, nayamba kuwerenga pa zala amene analowa m'nyumbamo. Ndinene mosabisa kuti mwa uphungu wonsewu, wosiyitsa bere ndiwo unali woopsa koposa, pakuti mkaka ndiwo umayendetsa matumbo a khanda kuti utoto uja utuluke, ndipo mwana wosayamwa mokwanira chikasu chake chimakula msanga. Ngakhale mkaka woyamba uja wokhuthala ndi wachikasu, umene ena amaufinyira pansi pouyesa wonyansa, ndiwo mankhwala oyamba amene Namalenga anakonzera khanda. Amene anathetsa mkangano ndi mayi wa nyumba yoyandikana nafe, ntchembere ya ana atatu, amene anangowerama, nanyamula kamtsikana kaja kali kulira, nakaponya kumsana, nati, "Pitani, achemwali. Pamene adya anga atatu, wachinayi sangagone ndi njala." Ntchito yanga ine inali yochepa koposa, ngakhale ndi imene amunafe timadzitama nayo: ndinapita kumsewu kukafuna galimoto, pakuti sindikadalola kuti mkazi wa bala losapola akwere njinga yamoto m'mphepo ya Juni, khanda lili m'manja.

Tinafika pa boma dzuwa litalowa. Anamwino anamuyeza mwanayo, ndipo posakhalitsa, monga anandifotokozera mlongo wanga pakuti ine ndinatsala panja ndi amuna anzanga, anali atamugoneka m'kabedi ali chivulire kupatula thewera, maso atamangidwa ndi kansalu, pansi pa nyale ya kuwala kwabuluu. Kwa anthu amene masiku anayi onse akhala akulimbana ndi kufunditsa mwana, kumuona ali wamaliseche m'mwezi wa chisanu, maso ali ophimbidwa ngati wogwidwa pa mlandu, ndi chinthu cholasa mtima. Ndipo mlongo wanga, pofuna kuchita chifundo, anatambasula chitenje kuti amufunde. Namwino anamugwira dzanja mwaulemu, nati, "Agogo, mankhwala ake ndi kuwalaku. Mukamufunda, mwamulanda mankhwala."

Mbiri ya nyale imeneyi inayambanso ndi diso la mkazi. M'chaka cha 1956, pa chipatala cha Rochford m'dera la Essex ku Mangalande, panali namwino dzina lake Jean Ward, woyang'anira makanda obadwa masiku asanakwane, amene ankakonda kuwatulutsa panja kuti akapitidwe mphepo ndi kuwothera dzuwa. Tsiku lina anaonetsa madokotala khanda limene chikasu chinali chitachoka thupi lonse, kupatula kachigawo kamodzi kamene kanaphimbika ndi nsonga ya nsalu. Patapita nthawi pang'ono, pa chipatala chomwecho, magazi ena amene anasiyidwa pazenera padzuwa anapezeka kuti utoto wake wachepa. Dokotala Richard Cremer ndi anzake analondola mapazi a nkhaniyi, napanga nyale, nalengeza zimene anapeza m'chaka cha 1958. Chinsinsi chake n'chakuti kuwala, koposa kwabuluu, kukagunda utoto umene uli m'khungu kumausandutsa kuti uthe kusungunuka m'madzi, ndipo thupi limautaya m'chimbudzi ndi mumkodzo popanda kudikira chiwindi.

Wina adzati, ngati ndi tero, uja ananena za dzuwa pakhonde paja sanalakwe. Analasa pafupi, koma nyama sanailase. Dzuwa la kwathu kuno limawotcha khungu la khanda ndi kuliumitsa madzi m'thupi, ndipo m'chisanu mwana wovulidwa panja amazizidwa. Kuwonjezera apo, mphindi zochepa za m'mawa sizingagwetse chikasu chimene chafika kumapazi, chimene chimafuna kuwala usana ndi usiku. Ku Lagos m'dziko la Nigeria madokotala anayesa kugoneka makanda m'timisasa tofoleredwa ndi pulasitiki yapadera yosefa cheza choopsa cha dzuwa, ndipo zimene anafalitsa mu 2015 zinaonetsa kuti njirayi imathandiza ana a chikasu chosakula kwambiri; koma kumeneko kunali anamwino oyeza kutentha kwa thupi la mwana ola lililonse, ndipo pakhonde pathu palibe zimenezo. Ndili chikhalire pabenchi la kuchipatala usiku umene tinafika uja, ndinalingalira kuti kuwala kumene kunali kuchiza mdzukulu wangayo ndi madzi a Shire omwewo amene timawoloka pa Zalewa, atasandulika magetsi pa Nkula ndi pa Tedzani. Ndipo sindinapemphererepo magetsi ndi mtima wonse monga ndinachitira tsiku limenelo.

Masiku asanu amene anatsatira, mwana wa mlongo wanga anakhala ngati nsalu yokokedwa ndi anthu awiri. Maola awiri kapena atatu alionse ankalowa kukayamwitsa, ndipo popeza poyamba khandalo linali lolefuka kosatha kukoka bere, anamuphunzitsa kufinyira mkaka m'kapu ndi kulimwetsa pang'onopang'ono, n'kulibwezera msanga pansi pa nyale. Matewera onyowa ankawawerenga monga osintha ndalama a pa malire awerengera makwacha, pakuti anauzidwa kuti m'menemo ndimo mdaniyo atulukira. Koma akatuluka m'chipindamo mtima wake unkathamangira kumudzi. Ankandiimbira foni m'bandakucha, ndipo za khanda ankazinena potsiriza, mawu oyamba ankakhala akuti, "Amalume, wadya? Wagona m'neti? Musamusiye pafupi ndi moto." Anadzandiuza pambuyo pake kuti chimene chinkamuzunza koposa ndi kudziweruza: akakhala pafupi ndi wamng'ono ankadziona ngati wataya wamkulu, ndipo akaganiza za wamkulu ankadziimba mlandu kuti poyang'anitsa iyeyo ndi pamene chikasu chinamuzembera.

Sanali yekha m'chipindamo. Chipatala cha Mwanza, monga zilili zipatala za m'malire, sichithandiza a kwa Kanduku, kwa Nthache ndi kwa Govati okha; chimalandiranso abale athu a tsidya lija la Zobue, amene tinalekanitsidwa nawo ndi mzere wa Angerezi ndi Apwitikizi, chikhalirecho timamvana nawo chinenero ndi kukwatirana nawo. Mmodzi wa iwo anali atasiya ana awiri m'manja mwa mtsikana wa zaka khumi, ndipo tsiku lililonse ankapempha kuti amutulutse, ngakhale khanda lake linali lisanayere. Anthu akamva kuti mayi wathawitsa mwana m'chipatala mankhwala asanathe amamutcha wouma mutu; koma ndani wa ife anafunsapo chimene chikumukoka kumudzi?

Khanda lina, limene chikasu chake chinayamba tsiku lomwe linabadwa, nyale sinalikwanire, ndipo linatumizidwa pa ambulansi ku Blantyre, ulendo wa makilomita ngati 100, ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, kumene kuli chipinda cha makanda cha Chatinkha. Chikasu chooneka maola 24 asanathe n'choopsa nthawi zonse, pakuti kawirikawiri chimasonyeza kuti maselo akuphwanyika mwaliwiro, mwina chifukwa gulu la magazi a mayi lasemphana ndi la mwana, mwina chifukwa majeremusi alowa m'magazi. Palinso chibadwa china chotchedwa kuchepa kwa G6PD, chofala m'maiko a malungo ngati lathu lino ndipo chogwira kwambiri ana aamuna, chimene chimachititsa maselo kukhala osalimba. Mwana wotere akhoza kudwala chifukwa cha timibulu toyera tonunkha tija timene amayi amaika m'sutikesi pothamangitsa njenjete, ndipo ndi m'sutikesi momwemo mmene zovala za khanda zimadikirira miyezi yonse ya pakati. Nyale ikalephera, chotsala ndi kuchotsa magazi a mwana pang'onopang'ono n'kumalowetsa ena kudzera pa mtsempha wa pamchombo, ntchito yofuna manja odziwa ndi magazi oyenera. Ku Queen Elizabeth komweko ndi kumene kanayesedwa kachipangizo kotchedwa BiliSpec, kamene akatswiri a yunivesite ya Rice ya ku America anakonza pamodzi ndi madokotala a kuno, koyeza utoto uja ndi kadontho kamodzi ka magazi pa kapepala. Zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2017.

Tibwerere kumudzi, kwa wodwala wachiwiri amene sanalembedwe m'buku lililonse la kuchipatala. Usiku woyamba kamtsikana kaja kanalira mpaka mawu anasasa. Tsiku lachiwiri kanangokhala duu pakhomo pa nyumba ya amake yotsekedwa, nsima osaifuna, phala osalifuna. Makolo athu anali nalo dzina la nthenda ya mwana wotere, ankati ndi utumbidwa, ndipo ankadziwa kuti mwana wochotsedwa kubere ndi kumsana nthawi imodzi amanyentchera, tsitsi limafiira, mapazi n'kutupa. Pamene dokotala wina wamkazi, Cicely Williams, anafotokoza matenda otupikana a ana ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana, m'zaka za m'ma 1930, dzina limene analitenga kwa anthu a mtundu wa Ga, kwashiorkor, limene madokotala a dziko lonse amalitchula lero, tanthauzo lake ndi nthenda ya mwana wolandidwa malo ndi mng'ono wake. A ku Accra ndi a ku Mwanza anaona chinthu chimodzi. Chondimvetsa chisoni n'chakuti ife tinasandutsa nzeru imeneyi kukhala chitonzo kwa mayi, ngati kuti pakati anapatenga yekha, pamene inayenera kukhala chenjezo kwa mbumba yonse.

Mayi woyandikana nafe uja sukulu sanapite nayo patali, koma taonani zimene anachita. Anapempha chitenje chimodzi cha amake a mwanayo, chosachapa, namaberekera m'menemo. Anagona nako pamphasa imodzi, m'neti. Pokana chakudya sanakakalipire, koma anakakhazika pakati pa ana ake atatu pa mbale imodzi, kufikira kuona anzake akudya kunagonjetsa chisoni. M'phala ankathiramo nsinjiro, ndipo masana ankakasendera nachesi. Sanakanamize kuti amayi apita kumsika abwera posachedwa, monga timachitira ambiri. Madzulo alionse ankakaika foni kukhutu kuti kamve mawu a amake, ngakhale kankangopuma osayankha. Akale anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mwambiwu timauyankhula kawirikawiri pa maliro ndi pa maukwati. Ine ndinauona ukuyenda ndi miyendo, utabereka mwana wa eni kumsana, ukupita kuchitsime.

Ku sikelo amayi oyembekezera amauzidwa kukonzeratu zitenje, beseni ndi ndalama ya ulendo. Pa zokonzeratu zimenezi ndikadakonda pawonjezedwe chimodzi chosagulidwa m'sitolo, ndicho munthu amene adzasunge mwana wamkulu sabata yathunthu ngati khanda litabwerera kuchipatala. Ndipo ife amalume ndi ankhoswe, amene timasonkhana msanga pa milandu ya ukwati ndi ya malire a minda, ndife tiyenera kuikambiratu nkhani imeneyi pakati pasanakule. Bungwe la WHO limalangiza kuti mayi ndi khanda aonedwenso pa tsiku lachitatu, kenaka pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, ndiponso pakatha sabata 6. Ndipo tsiku lachitatulo, limene likadagwira chikasu cha mdzukulu wanga, ndilo lovuta koposa kwa mkazi wa kumudzi amene ali ndi bala, khanda ndi mwana womukoka chitenje. Alangizi a zaumoyo a m'midzi ndiwo angafike pakhomo pa chikuta, ngati atauzidwa msanga kuti m'mudzi mwafika mlendo. Ndipo amene ali ndi foni akhoza kufunsa ku Chipatala cha pa Foni, pa 54747, ntchito imene inayambira ku Balaka mu 2011.

Pa tsiku lachisanu ndi chimodzi anawatulutsa. Anawalangiza kuti ayamwitse pafupipafupi, kosachepera kasanu ndi katatu usana ndi usiku. Kuti amuyang'ane poyera tsiku lililonse. Kuti abwerere msanga chikasu chikayambiranso kapena chikapyola sabata ziwiri, koposa ngati chimbudzi chikuyera ndipo mkodzo ukuda, pakuti chimenecho chikhoza kukhala chizindikiro cha njira ya ndulu yotsekeka, nthenda ina yofuna opaleshoni mwana asanakule. Ndiponso kuti adzabwere naye kuti adzaone ngati akumva bwino ndi ngati khosi likulimba pa nthawi yake. Mchombo unagwera kuchipatala komweko, ndipo mlongo wanga anaumanga pa nsonga ya chitenje, nabwera nawo kumudzi kuti aukwirire monga mwa mwambo.

Tonse tinkayembekeza kuti kamtsikana kaja kathamangira amake. Sikanatero. Kanawayang'ana kamodzi, kanatembenuka, kanabisa nkhope m'chitenje cha mayi amene anakasunga. Ndipo mwana wa mlongo wanga, amene sanalire pamene khanda lake linamangidwa maso, analira pamenepo. Mlongo wanga anati, "Usamukakamize, mwanangu. Ndipatse wamng'onoyo, iwe ukhale pamphasa m'manja muli mopanda kanthu." Anakhala chomwecho madzulo onse, ndipo chisisira chitayamba kugwa kamtsikanako kanasendera chafutambuyo, pang'onopang'ono, ngati kakupita kwina, kufikira msana wake unagunda bondo la amake.

Patapita masabata angapo, manachesi atayamba kusowa m'mbali mwa msewu, ndinapitako m'mawa. Khanda, limene tsopano linali litapatsidwa dzina, linali kugona pamphasa pakhonde, ndipo amake anali kusankha nyemba m'lichero. Koma nkhawa ya makutu inali isanawachoke, pakuti tsiku lobwerera kuchipatala linali lisanafike, ndipo ndinawaona akuliitana motsitsa mawu n'kumaliyang'anitsitsa nkhope. Kamtsikana kaja kanatuluka m'khitchini katanyamula chivundikiro cha poto, chimene kanaletsedwa kambirimbiri kuchiseweretsa, ndipo pofika pakhonde kanachigwetsa pa simenti, ngwee! Khanda linadzidzimuka, linatambasula manja onse awiri, n'kuyamba kulira mokweza. Kamtsikana kanaima chilili, kakudikira kukalipiridwa. Amake anayang'ana khanda, nandiyang'ana ine, nayang'ananso kamtsikanako, nati, "Tachitola, mama, uchigwetsenso."